Walira Mvula, Kuphazi Wavalanji?

Mwambi suchedwa kufika munthu akaterereka. Usanadzuke n'komwe, usanasase mchenga m'mawondo, wina waponya kale mawu: "Walira mvula walira matope." Anthu amaseka, nawenso umaseka nawo, poti mwambi ukagwa pabwalo mlandu umatha. Akuluakulu anauwumba mwaluso: mawu anayi okha, awiri oyamba ndi dalitso, awiri otsiriza ndi mtengo wake. Mlimi amene wakhala Novembala yense akuyang'ana kumwamba asadandaule njira ya kumunda ikayamba kuterera. Wofuna mwana asanyansidwe ndi matewera. Wofuna ufumu asatope ndi milandu ya mbuzi zodya chimanga cha eni. Ine mwambiwu unandipeza tsiku limene kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe, pagombe la ku Nkhotakota, m'chilimwe, nditavala nsapato zachikopa zopolishidwa mpaka kuonekamo nkhope.

Sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kubwera m'zidutswazidutswa kudzalumikizidwa ku Monkey Bay isanayambe maulendo ake mu 1951, siyandikira mtunda paliponse. Pamene madzi ali osaya imaponya nangula patali, n'kutsitsa maboti ake kuti atute anthu ndi katundu. Boti nalo limakaima pamene mchenga walikaniza, ndipo kotsalako ndi ntchito ya mapazi anu. Pafupi nane panakhala mayi wina wachikulire. Boti litagunda mchenga anavula masilipasi ake, n'kuwasomeka pamwamba pa mtolo umene anasenza, n'kukwinda chitenje. Asanatsike anayang'ana kumapazi kwanga. "Bambo, nsapatozo mukufuna zisambe nawo?" Ndinachita manyazi kuvula pagulu, ndipo ndinalumpha nazo. Madzi anafika m'ntchafu. Potuluka, phazi lililonse linkalemera ngati njerwa, likulira tchofu tchofu mpaka kumsewu. Mnyamata wa m'boti anafuula ali kumbuyo: "Madala, mwalira mvula mwalira matope!" Pofika madzulo zidendene zinali matuza okhaokha. Patapita masiku atatu chikopa chinauma gwa ngati cha ng'oma, guluu anasiya, soli inayasamula ngati mlamba.

Tsiku limenelo mwambi unanena zoona, ndipo sindiutsutsa. Wofuna nyanja wafuna kunyowa. Nzeru yoyamba posankha chovala kuphazi cha pamadzi yagona pomwepa: kuvomereza kuti madzi alowa basi. Ambiri tikafika pa kaunjika timafunsa wogulitsa kuti, "Imeneyi simalowa madzi?" Funso la munthu wodziwa nyanja ndi lina: "Madzi akalowa, atulukira pati, ndipo iuma nthawi yanji?" Chikopa, siponji yokhuthala ndi sokosi za thonje zimamwa madzi n'kuwasunga ngati chuma. Phazi likakhalitsa m'chinyontho khungu limafewa, limachita makwinya, limayera mbuu, ndipo kukhula pang'ono kokha kumalisupula. Pakati pa zala pamayamba kuyabwa, kenako kung'ambika. Nsapato yabwino ya pamadzi imakhala ngati lichero: yamphira kapena yansalu yopyapyala yolukidwa ngati ukonde, yokhala ndi mipata yoti madzi alowe n'kudutsa. Mlendo amene sungamutsekere chitseko, chanzeru n'kumutsegulira cha kuseri kuti asagone.

Jombo ndi nsapato imene inakana kumva mwambiwu. Imalonjeza mvula yopanda matope, ndipo lonjezolo imalisunga mokhulupirika m'dimba, pokonza nsomba m'mbali mwa nyanja, ngakhalenso m'boti usiku wa mu Juni, mwera ukuwomba, madzi ozizira akuyendayenda pansi pa matabwa. Koma lonjezo la jombo lili ndi malire, ndipo malirewo ndi mlomo wake. Funde limodzi likangodumpha mlomowo, khoma limene limatsekera madzi kunja ndi lomwelo limawatsekera m'kati, ndipo munthu amatsala atavala ndowa ziwiri. Ukagwera nazo m'nyanja, madzi a m'jombo salemera ukadali m'madzi momwemo, koma miyendo imakanika kupalasa bwino, ndipo poti ukwerenso m'boti umayenera kunyamula ndowa zonse ziwirizo. N'chifukwa chake jombo ya pamadzi iyenera kukhala yokulirapo, yoti phazi lina lingaikankhe n'kuivula popanda dzanja. Anthu a mtima wa jombo tonse timawadziwa. Analumbira kuti vuto silidzawakhudza, ndipo tsiku limene lawakhudza sadziwa polikhuthulira.

Silipasi ili kumbali inayo: inavomereza zonse. Ndi nsapato ya mtundu wathu, yotchipa, youma usanamalize kupereka moni, yoti lamba akaduka msomali kapena kawaya kamaibwezera pantchito. Koma imagwira phazi ndi zala ziwiri zokha, ndipo ikanyowa phazi limasewera pamwamba pake ngati sopo. Yendani m'mawa pagombe lililonse, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Karonga, mupeza masilipasi amene mafunde alavula, ndipo nthawi zonse imakhala imodzi, inzake ili kwina ikulira umasiye. Asodzi amawatola n'kuwadula tizidutswa toyandamitsira maukonde, choncho silipasi imathera pantchito ya m'madzi imene inailephera ili kuphazi. Ku nyanja ya Chilwa, padoko la Kachulu pamene anthu amakwerera maboti opita ku chilumba cha Chisi, matope amachita kuyamwa: phazi limatuluka, silipasi imatsala pansi. Choopsa chenicheni chimadza ikagwera m'madzi bwato ukuyenda, chifukwa dzanja limaithamangira mutu usanaganize, ndipo bwato sukhululukira munthu wopendekera mbali imodzi. Anthu agwera m'madzi kulondola chinthu cha mtengo wa mulu wa tomato. Kusiyana kwa kuvomereza ndi kugonja nthawi zina ndi kalamba kamodzi kozungulira chidendene.

Msodzi wa bwato atamva zonsezi angaseke mpaka kugwetsa nkhafi. Iye nsapato yake anabadwa nayo. Zala zake zimatambasuka n'kugwira mtengo wonyowa ngati za nyani, ndipo phazi lake limamva kupendekeka kwa bwato mutu usanadziwe. Palibe fakitale imene inapangapo soli yomva chotero. Komabe mupempheni akuonetseni kunsi kwa mapaziwo, muwerenge mbiri yolembedwa ndi zipsera: apa mbedza, apa munga wa nkholokolo imene inatsalira mu ukonde, apa chitsa cha bango, apa botolo losweka. Botololo ndi limene likundivutitsa maganizo. Pamene makolo ankaumba mwambi wathu, matope anali dothi ndi madzi basi. Ukawaponda unkangodetsedwa, n'kukasamba. Matope a lero abisa magalasi, zitini zadzimbiri, misomali ya maboti akale ndi waya. Mawu a mwambi sanasinthe, koma chimene akutiuza kuti tiponde chasintha. Ndipo munthu wa m'tauni amene wavula nsapato pofuna kufanana ndi msodzi wabwereka kulimba mtima popanda kubwereka khungu. Mchenga wa mu Okutobala masana umamuphunzitsa kuvina gule amene sanamuyesezepo.

Pali malo amene mwambiwu umachita kuoneka ndi maso. Ku Cape Maclear, m'paki ya Nyanja ya Malawi imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, alendo amakwera maboti kupita ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. Nsima ya mbuna zambiri ndi ndere zomera pamiyalapo. Ndere zomwezo ndi zimene zimagwetsa mlendo chagada akamatsika m'boti. Mutapala miyala kuti isaterere, mwaphwasula nkhokwe ya nsomba zimene mwadzera. Kukongola ndi kuterera zamera pamwala umodzi, ndipo palibe nzeru yozilekanitsira. Apa akuluakulu sanaphonye ngakhale pang'ono.

Koma taonani chimene mwambi sunanene. Unati matope adzabwera, sunati uyenera kugwa. Paul Sperry, wa ku Connecticut m'dziko la America, ankakonda kuyenda panyanja, ndipo tsiku lina anaterereka m'boti lake n'kugwera m'madzi. Nthawi yozizira anaona galu wake akuthamanga pamadzi oundana osaterereka. Atamutembenuza phazi anapeza timing'alu tambirimbiri. Anatenga mpeni n'kuchekacheka timizere pa soli yamphira, ndipo mu 1935 nsapato za m'boti zotchedwa Sperry Top-Sider zinayamba kugulitsidwa. Chinsinsi chake n'chapafupi. Chimene chimatereretsa pathabwa lonyowa ndi kamadzi kopyapyala kotsekeredwa pakati pa soli ndi thabwalo. Munthu akaponda, timizere tija timatseguka n'kupatsa madziwo kothawira, mphira n'kugwira pouma. Choncho kugula nsapato ya pamadzi kumayambira kunsi. Itembenuzeni. Dinani soli ndi chikhadabo: ikakhala yofewa, yobwerera, igwira, koma ikakhala pulasitiki yolimba yolira kwe kwe, kapena yosalala chifukwa chakutha, isiyeni pomwepo ngakhale pamwamba pake pakongole motani. Pandere zokhuthala ngakhale soli yabwino imagonja, ndipo pamenepo munthu amanyonyomala n'kuyenda ndi manja omwe. Chimene ndimasirira mwa mkulu uja n'chakuti atagwa sanadzitonthoze ndi mwambi. Anakafuna mpeni.

Wina angafune nsapato imodzi yothana ndi matope onse, koma mapanga awiri avumbwitsa. Yotseka kutsogolo imateteza zala ku miyala ndi ku nangula, koma imasunga mchenga umene umakhula phazi ngati tupa. Sandasi yotsegula imataya mchenga msanga, koma chala chachikulu chimatsala pamtetete. Nsapato zamabowo zotchedwa Crocs, zimene lero zadzaza m'misika yathu pamodzi ndi zongofanizira zake, zinayamba ngati nsapato za m'boti, ndipo zinaonetsedwa koyamba mu 2002 pa chionetsero cha maboti ku Fort Lauderdale. N'zopepuka, zimayandama, siziola, koma kalamba kaja kakakhala kutsogolo monga achinyamata amakondera, zasanduka silipasi wamba, ndipo soli yake ikatha imaterera pasimenti yonyowa. Choncho munthu amasankha nsapato atasankha kaye matope ake: mchenga wa ku Senga Bay, miyala ya ku Nkhata Bay, thope la ku Chilwa, kapena makwerero achitsulo a sitima. Aiyese madzulo phazi litatupako, osati m'mawa. Ipanikize pang'ono pachidendene koma zala zipume, poti nsapato yokhwepa pouma imavuka ponyowa, ndipo yothina pouma imaluma ponyowa. Zingwe zolendewera zimakola mu ukonde. Akachoka kunyanja aitsukuluze, aiyanike pamthunzi, chifukwa dzuwa limene limaumitsa usipa pathandala limaumitsanso mphira mpaka kuthetheka. Mwambi umanena za matope ngati kuti ndi amodzi. Phazi limadziwa kuti ali ndi mafuko.

Tsono pali matope ena amene nsapato siiwaona. M'madzi odekha a m'mbali mwa nyanja, m'bango ndi m'maudzu, mumakhala tinkhono timene timasunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboto tikatuluka m'nkhono timasambira n'kuboola khungu la munthu popanda chilonda, popanda ululu. Sandasi yodula chotani singatitsekereze, ndipo jombo imathandiza pokhapokha madzi asanafike pamlomo wake. Patapita nthawi mwana amayamba kukodza magazi, ndipo mankhwala a praziquantel akamuchiza, mawa lake ali m'madzi momwemo, poti kosamba n'komweko, kochapa n'komweko, kosewera n'komweko. Kodi mwana ameneyu analira mvula iti? Anangobadwira pagombe. Ndipo matope awa sagwa kuchokera kumwamba. Mazira a likodzo amalowa m'nyanja ndi mkodzo wa munthu, pamene palibe zimbudzi zokwanira. Nsomba zina zimene zimadya nkhono zimachepa pamene makoka a maso ang'onoang'ono, ngakhale masikito amene anaperekedwa kuti tigonemo, akukokolola chilichonse m'mbali mwa nyanja. Apa mwambi ungatinamize. Umaveka tsoka lopangidwa ndi manja a anthu chovala cha nyengo, ngati kuti likodzo ndi mnzake wa nyanja monga ndere zilili ndi mbuna. Ndere sitingazichotse. Chimbudzi tingakumbe.

Ndiye tifunse: amakonda kunena mwambiwu ndani? Nthawi zambiri ndi amene mapazi ake ali pouma. Mwambi unabadwira kumunda, kumene wolira mvula ndi woponda matope anali munthu mmodzi, khasu lili paphewa lomwelo. Lero awiriwa analekana. Usipa umene ukununkhira m'mbale ku Ndirande kapena ku Kawale, wolira mvula ndi ife odya. Matope anapondedwa ndi siginala amene anachezera ndi nyali pamadzi usiku wonse, ndi anyamata okoka chilimira, ndi mayi amene m'bandakucha anaima m'madzi ofika m'mawondo, beseni lili m'manja, kudikira maboti. Tsiku lija ku Nkhotakota panali anyamata obereka anthu kumsana kuchokera paboti kukafika pouma, pa tindalama tochepa. Amene anaberekedwa anafika nsapato zili phuliphuli, ndipo akanatha kulalikira bwino za kupirira. Pali eni maboti amene amapeza ndalama ya injini ndi ya ukonde watsopano, koma ya jombo ndi majekete oyandamitsa a antchito awo imasowa, ndipo wina akadandaula amayankhidwa kuti ntchito ya panyanja ndi yotero, walira mvula. Mawu amene anapangidwa kuti munthu adzilimbitse nawo mtima akasanduka otsekera pakamwa pa mnzake, ndiye kuti agwidwa kumpeni m'malo mwa kuchigwiriro.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku otsatizana m'chigawo cha kummwera, ndipo matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Miyezi ingapo m'mbuyomo anthu omwewo ankayang'ana kumwamba monga mwa chaka chilichonse, kupempha mvula ya chimanga. Mwa mawu ake okha, mwambi unkayenera pamenepo kuposa paliponse. Koma palibe munthu wamutu amene akanautchula pamaliro aja. Pamenepo ndinazindikira kuti mwambi nawo ndi jombo. Uli ndi mlomo wake. M'matope ofika m'katumba umakuteteza ku kudandaula kopanda pake, umakuyendetsa mowongoka. Madzi akaupitirira umadzaza n'kulemera, ndipo woumirira kuuvala amamira nawo, kapena amamiza nawo anzake. Nzeru ya akuluakulu inali yodziwa mwambi, komanso yodziwa pouvulira.

Masiku ano ndikamapita kunyanja ndimavala sandasi zamphira wofewa, zotseka zala, za lamba wa kuchidendene, ndipo zachikopa zimayenda m'chikwama, zokulungidwa m'pepala lapulasitiki, kudikira msewu. Koma ndikamaganiza za tsiku lija, amene amandibwerera m'maso si mnyamata wa mwambi uja. Ndi mayi wa mtolo pamutu. Iye analibe ndalama ya Sperry kapena ya Crocs. Anali ndi masilipasi akutha ndi nzeru yodziwa kuti pamchenga woyera wa pamenepo phazi lake likwanira, kuti silipasi ndi ya pamsewu wotentha umene uli kutsogolo, ndi kuti chimene sungachiteteze kuphazi umachikweza pamutu. Ananyowa monga tonsefe, koma anasankha chonyowa ndi chouma. Iye ndi mnyamata uja ankadziwa chinthu chimodzimodzi. Kusiyana kwawo kunali nthawi: mayiyo anayankhula ndisanalumphe, mnyamatayo nditalumpha kale. Mawu omwewo akabwera patsogolo ndi malangizo, akabwera pambuyo ndi chitonzo.

Choncho mwambiwu sindinautaye, ndangousunthira kutsogolo. Malo ake ndi pakhomo, m'mawa, chikwama chisanatsekedwe, osati pambali pa munthu amene wagwa kale. Mwana wanga akati akufuna kukaona nyanja ndimamuuza kuti walira mvula walira matope, iye n'kugwedeza mutu ngati wamva nkhani yakale. Ndiye ndimamuitana abwerere, akhale pampando, andipatse nsapato imene wasankha. Ndimaitembenuza, n'kudina soli ndi chikhadabo.